Hardwick Hall: Nyumba ya Magalasi ya ku England

M'dziko la England muli lamulo limene alendo ambiri amazizwa nalo akalimva koyamba. Lamulolo likuti nyumba ikalembedwa m'buku la Boma la nyumba zakale zoyenera kusungidwa, mwini wace saloledwa kuigwetsa, kapena kuboola khoma lace, kapena kusintha mazenera ace, asanalandire cilolezo kwa akulu oyang'anira za mamangidwe m'dera lace. Akacita zimenezi mwa iye yekha wapalamula mlandu, ndipo akhoza kulipitsidwa ndalama zambiri, pena kuponyedwa m'ndende. Tsono munthu angafunse kuti, nyumba iri ndi mwini wace, nanga Boma likulowererapo cifukwa ninji?

Yankho lace limapezeka pa nyumba zenizenizo. Nyumba yakale iri ngati kalata imene anthu akale anasiyira a m'mbuyo mwao. Makoma ace, zitseko zace ndi makwerero ace zimanena m'mene anthuwo anali kukhalira, amene anali wamkulu ndi amene anali wamng'ono, cimene anali kuopa ndi cimene anali kunyadira. Wosintha zenera limodzi wafafaniza mau ena a m'kalatamo. Nkhani ino ifotokoza mamangidwe a nyumba imodzi yotere, dzina lace Hardwick Hall, imene iri pamwamba pa citunda m'cigawo ca Derbyshire, pakati pa mizinda ya Chesterfield ndi Mansfield.

Mai amene anaimanga

Nyumbayi inamangidwa kuyambira caka ca 1590 kufikira 1597, m'masiku a Mfumukazi Elizabeth Woyamba. Mwini wace anali mai wina dzina lace Elizabeth, amene anthu amamdziwa kopambana ndi dzina lakuti Bess wa ku Hardwick. Iye anabadwira pa citunda comweco, m'banja la eni minda osalemera kwenikweni. Anakwatiwa kanai, ndipo amuna onse anai anamwalira iye akali ndi moyo. Mwamuna wacinai anali George Talbot, Earl wa ku Shrewsbury, mmodzi wa nduna zolemera koposa m'dzikomo. Banja limeneli linadzala ndi mikangano, kotero kuti Bess anabwerera kwao ku Hardwick, nayamba kukuza nyumba yakale ya atate wace. M'mwezi wa November 1590 mwamunayo anamwalira, ndipo cuma cambiri cinagwera m'manja mwa mkazi wamasiyeyo. Pamenepo, ali ndi zaka zoposa 60, anayamba kumanga nyumba yatsopano pafupi penipeni ndi yakale ija, yakaleyo isanathe nkomwe.

Bess sanali wodyerera cuma ca amuna cabe ai. Anali wodziwa kuyendetsa minda, migodi ndi ngongole, ndipo mabuku a ndalama anali kuwapenda yekha. Zomangira zambiri zinacokera m'malo ace omwe: miyala inaswedwa m'mbali mwa citunda ca Hardwick, mitengo inadulidwa m'nkhalango zace, mtobvu wofolera denga unacokera m'migodi ya ku Derbyshire, citsulo ndi magalasi zinasungunulidwa m'ng'anjo zace. Akatswiri a mbiri ya nyumba amabvomerezana kuti amene analemba mapulani anali Robert Smythson, mmisiri amene adagwirapo nchito pa nyumba ya Longleat namanganso Wollaton Hall kufupi ndi Nottingham. M'mabuku a ndalama a Bess a caka ca 1597 muli mau osonyeza kuti Smythson analandira mphatso ya mashileni 20.

Makoma a magalasi

Cinthu coyamba cimene mlendo amaona pofika ku Hardwick ndico kuculuka kwa mazenera. Kuti munthu amvetse cifukwa cace zimenezi zinali zodabwitsa, ayenera kukumbukira nyumba za akulu a ku England za zaka mazana angapo nthawiyo isanafike. Masiku amenewo anali a nkhondo za pakati pa nduna, ndipo nyumba ya munthu wamkulu inali linga. Makoma ace anali ocindikala, mazenera a kunja anali aang'ono, ndipo zipinda zinali kuzungulira bwalo la m'kati, nyumba yonse itafulatira dziko. Nyumba ya Haddon Hall, imene iri m'Derbyshire momwemo, isonyezabe mamangidwe akale a zipinda zozungulira mabwalo.

Mu ufumu wa Elizabeth, kuyambira 1558 kufikira 1603, nkhondo za pakati pa nduna zinali zitatha. Munthu wolemera sanafunenso kubisala; anafuna kuonedwa. Hardwick iribe bwalo la m'kati. Mbali zace zonse zinai ziyang'ana kunja, ndipo pena pace galasi laculuka kuposa mwala. Nthawi imeneyo galasi linali la mtengo wapatali, ndipo nyumba zambiri za anthu wamba zinalibe. Amisiri sanali kupanga magalasi akuluakulu monga a masiku ano, cotero zenera liri lonse la ku Hardwick liri ndi timagalasi ting'onoting'ono tambirimbiri, tolumikizidwa ndi mtobvu, togwiridwa ndi mizati yoonda ya miyala, ina yoimirira ina yopingasa. Dzuwa likamalowa, timagalasito timanyezimira kosiyanasiyana, pakuti palibe kamodzi kamene kali kosalala ndithu.

Mmisiri ali yense adziwa kuti khoma loculuka mazenera ndi lofooka, ndiponso kuti cumuni cifuna khoma locindikala. Smythson anathetsa bvuto limeneli mocenjera. Anamanga khoma lalikulu pakati pa nyumba, m'litali mwace, ngati msana wa nyama, ndipo macumuni ambiri anawalowetsa m'khoma limenelo ndi m'makoma ena a m'kati. Potero makoma a kunja anatsala omasuka kulandira magalasi.

Cofunika cina kwa omangawo cinali cakuti mbali ya kumanja ilingane ndi ya kumanzere, monga iliri nkhope ya munthu. Nzeru imeneyi inacokera ku Italy, kumene amisiri anali kuphunzira za nyumba za Aroma akale. Koma zipinda za m'kati sizilingana, cina cacitali cina cacifupi. Cifukwa ca ici mazenera ena a ku Hardwick ndi onamizira, ndipo kuseri kwa galasi kuli khoma kapena poothera moto. Ena aoneka ngati zenera limodzi lalitali, pamene m'kati akuunikira tizipinda tiwiri tosanjikizana. Bess analola kuti m'kati mubvutike, malinga kunja kuoneke kolongosoka.

Nsanja 6 ndi malemba a pamwamba

Nyumbayi iri ndi ngodya zinai, yaitali mbali imodzi, ndipo ndi yosanjikizana katatu. Pa thupi limeneli analumikizapo nsanja 6: ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo, ndi imodzi kumapeto kuli konse. Nsanjazo zinapitirira denga ndi cipinda cimodzi. Munthu akamazungulira nyumbayo, nsanja zimaoneka ngati zikusuntha, pena kuunjikana pena kutayana. Pakati pa nsanja ziwiri za kutsogolo pali khonde la nsanamira za miyala, ndipo kumbuyo kuli lina lofanana nalo, m'mene anthu anali kuyendamo nthawi ya mvula.

Pamwamba pa nsanja iri yonse pali malemba awiri akuluakulu osemedwa pamwala, E ndi S, ataima poyera kotero kuti thambo lioneka kupyola pakati pao. Malembawo aimira dzina lakuti Elizabeth Shrewsbury, ndipo pamwamba pao pali cisoti ca ulemu cosonyeza udindo wace. Wapaulendo ali yense wodzera m'cigwa anali kudziwa mwini nyumbayo wosafunsa munthu. Lero lomwe oyenda pa mseu waukulu wa M1, umene udzera m'munsi mwa citundaco, amaona nsanjazo pa mtunda.

Denga ndi lathyathyathya, lofoleredwa ndi mtobvu, ndipo linakonzedwa kuti anthu aziyendapo. Mu nsanja ya kumwera muli kacipinda kokongoletsedwa ndi pulasitala, kofikako podzera pa denga pomwepo. Cakudya cacikulu cikatha, alendo olemekezeka anali kukwera kumeneko kukadya zotsekemera ndi kumwa vinyo, akupenya minda ya mwini nyumba kufikira kumene maso alekeza.

Mazenera onena za ulemu

Munthu wopenyetsetsa adzaona kuti mazenera sali ofanana msinkhu. A gawo la pansi ndi aafupi, a gawo la pakati ndi otalikirapo, ndipo a gawo la pamwamba ndi atali koposa onse. Pamenepa ndi pamene pagona tanthauzo la nyumba yonse. Gawo la pansi linali la khichini, mosungira zakudya ndi la anchito. Gawo la pakati linali la Bess ndi banja lace, mokhala masiku onse. Gawo la pamwamba linali la alendo akuluakulu, makamaka Mfumukazi mwini wace ngati akadabwera. Munthu akamakwera m'nyumbamo anali kukweranso pa ulemu, ndipo kuunika kunali kuculukirako. Cotero ngakhale woima panja anali kudziwa makhalidwe a m'nyumbamo poyang'ana mazenera okha.

Polowa pa khomo lalikulu mlendo amafika m'holo. M'nyumba zakale holo inali kugona mopingasa, khomo liri ca kumapeto kwace, ndipo mwini nyumba anali kudya kumapeto enawo pamodzi ndi anthu ace onse. Ku Hardwick holo inatembenuzidwa: iri pakati penipeni, ndipo idutsa nyumba kuyambira kutsogolo kufikira kumbuyo. Imeneyi ndi imodzi ya nyumba zazikulu zoyamba za ku England zokonzedwa motere. Msinkhu wa holoyo utenga magawo awiri a nyumba, ndipo pamwamba pa poothera moto pali cizindikiro ca banja la Hardwick, cogwiridwa ndi mbawala ziwiri za nyanga za nthambi. Koma Bess sanali kudyera m'menemo. Pofika masiku ace holo inali itasanduka modyera anchito ndi modikira alendo, eni nyumba atasamukira m'mwamba.

Kucokera m'holo, njira ya kumwamba ndi makwerero a miyala, otakasuka, osakongoletsedwa ndi zosemasema. Makwererowo salunjika. Amakhota, napuma pa malo otambalala, nakhotanso, kuyenda mtunda wautali m'kati mwa nyumba. Pa malo opumirawo anchito ena anali kudikira kuitanidwa, ndipo usiku anali kuyala pomwepo. Poyamba njirayo iri ndi mdima pang'ono, koma imanka niwala pokwera. Pa tsiku la phwando cakudya cinali kucoka ku khichini, kudzera m'holo anthu ataimirira mwaulemu, ndi kukwera makwerero onsewo pa mdipiti wa anchito. Mosakaika cinali kufika citayamba kuzizira, koma ulemu wa ulendowo unali kuwerengedwa woposa kutentha kwa nyama.

Zipinda za pamwamba

Kumapeto kwa makwerero kuli cipinda cochedwa High Great Chamber, ndico colandiriramo alendo acifumu. M'munsi mwa makoma ace mwapacikidwa nsalu zocindikala zolukidwa ndi zithunzi, zocokera ku Brussels, zosimba nthano ya Agriki ya Ulysses. Cipindaco cinayezedwa kuti nsaluzo zikwanemo bwino. Pamwamba pa nsaluzo, kuzungulira cipinda, pali zithunzi zoumbidwa ndi pulasitala ndi kupakidwa utoto: nkhalango, alenje, agalu, mbawala, mikango ndi njobvu, ndipo pakati pali Diana, mulungu wamkazi wa ulenje wa m'nthano za Aroma, amene anthu a nthawiyo anali kumfanizira ndi Mfumukazi Elizabeth. Pamwamba pa poothera moto Bess sanaikepo cizindikiro ca banja lace, koma ca Mfumukazi.

Pafupi ndi cipindaci pali Long Gallery, cipinda cacitali cotenga mbali yonse ya kum'mawa. M'litali mwace cipitirira mapazi 160, ndiwo mamita 50, ndipo msinkhu wace uli ngati mapazi 26. Zipinda zotere zinali zoyendamo nthawi ya cisanu ndi zoonetseramo zithunzi za makolo, abale ndi mafumu, kuti mlendo adziwe anthu amene banjalo linali kuyenda nao. Makoma ace akutidwa ndi nsalu 13 zosimba mbiri ya Gideoni wa m'Buku la Oweruza. Bess anazigula m'caka ca 1592 kwa olowa m'cuma ca Sir Christopher Hatton, ndipo anaphimba cizindikiro ca Hatton ndi cace. Pansi pa zipindazi pamayalidwa mikeka yolukidwa ndi udzu wa m'madambo, imene imawazidwa madzi nthawi ndi nthawi kuti isaume ndi kuthyoka, ndipo pfungo lace limamveka m'zipindamo.

Ulemerero wonsewu unali ndi colinga. Bess anali kulera mdzukulu wace Arbella Stuart, amene anali wa magazi acifumu kudzera mwa atate wace, ndipo popeza Mfumukazi analibe mwana, ena anali kuganiza kuti Arbella akhoza kulowa ufumu. Koma Mfumukazi Elizabeth sanafike ku Hardwick ndi tsiku limodzi lomwe. Atamwalira mu 1603 ufumu unapita kwa James wa ku Scotland. Bess anamwalira mu 1608, atakhala m'nyumba yace yatsopano zaka zoposa 10 pang'ono, ndipo Arbella anafera m'ndende ya Tower of London mu 1615.

Cimene cinaipulumutsa

Akulu anati walira mvula walira matope. Nyumba ya magalasi pamwamba pa citunda ca mphepo ndi yozizira koopsya m'nyengo ya cisanu, ndipo moto wa nkhuni sungafunditse cipinda ca msinkhu wa mapazi 26. Nyumbayo inapita kwa William Cavendish, mwana wa Bess, amene zidzukulu zace zinadzakhala ma Duke a ku Devonshire. Iwo anakonda kukhala ku Chatsworth, nyumba yao yina, ndipo ndalama zao zomangira zinathera kumeneko. Chatsworth inamangidwanso mwatsopano, koma Hardwick inasiyidwa monga inaliri, yocezako mwa kamodzikamodzi. Kusakondedwa kumeneku ndiko kunaisunga. Katundu wambiri wolembedwa m'buku la cuma ca m'nyumbamo la caka ca 1601 akalimobe kufikira lero. Nyumba yakale ija ya pambali sinacite mwai wotere: m'zaka za m'ma 1700 inasasulidwa mbali zina, ndipo tsopano ndi bwinja lopanda denga.

Ngozi yeniyeni inadza m'zaka za m'ma 1900, pamene misonkho inakwera ndipo anchito anasowa. Nyumba zazikulu mazanamazana za ku England zinagwetsedwa. Citsanzo ciri pafupi: Sutton Scarsdale Hall, mamailo owerengeka kucokera ku Hardwick, inagulitsidwa mu 1919 kwa anthu amene anasasula denga nagulitsa zokongoletsa za m'kati. Matabwa osemedwa a zipinda zina ali m'nyumba yosungiramo zakale ku Philadelphia, m'dziko la America, ndipo pa malopo patsala makoma okha. M'caka ca 1950 Duke wa nambala 10 wa ku Devonshire anamwalira mwadzidzidzi, ndipo Boma linafuna msonkho wa magawo 80 mwa 100 a cuma camasiye. Banjalo linapereka Hardwick ku Boma m'malo mwa gawo la msonkhowo, ndipo mu 1959 nyumbayo inaperekedwa m'manja mwa bungwe la National Trust.

Lamulo ndi nchito yosunga

Hardwick tsopano iri ndi zoichinjiriza ziwiri. Coyamba ndi bungwe limeneli, limene linayambitsidwa mu 1895 ndi Octavia Hill, Robert Hunter ndi Hardwicke Rawnsley. Lamulo la caka ca 1907 linalipatsa mphamvu yakulengeza kuti malo ace sadzagulitsidwa kapena kupinyolitsidwa, ndipo malo otere ngakhale Boma silingawalande mokakamiza popanda kudzera ku Nyumba ya Malamulo. Caciwiri ndi buku la Boma lija. Kulemba nyumba zakale kunayamba ndi malamulo a 1944 ndi 1947, anthu ataona zimene mabomba anaononga pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo mu 1968 lamulo linakhwimitsidwa kuti cilolezo cizifunika nchito isanayambe. Bukulo, limene tsopano limasungidwa ndi bungwe la Historic England, ligawa nyumba m'magulu atatu monga mwa kufunika kwace. Mwa nyumba 100 zolembedwa, ziwiri kapena zitatu zokha ndizo ziri m'gulu lapamwamba, lochedwa Grade I, ndipo Hardwick Hall iri m'gulu limenelo.

Koma lamulo limaletsa dzanja la munthu lokha; silingaletse mvula. Mwala wa ku Hardwick ndi wofewa, wa mtundu wa mcenga, ndipo mphepo, cisanu ndi utsi wa malasha zaudya kwa zaka mazana anai. Amisiri osema miyala amacotsa mwala wofumbwa naikapo wina wa mtundu womwewo, wosemedwa mofanana ndi woyamba. Mazenera amene anali kunyada kwa Bess ndiwo mdani wa nsalu zace, pakuti kuwala kwa dzuwa kumasulutsa utoto ndi kubvunditsa ulusi. Ndico cifukwa cace mlendo amapeza mazenera ambiri ataphimbidwa m'kati, ndipo nyumba yomangidwira kuunika imasungidwa mu mdima pang'ono. Nsalu 13 za Gideoni zinatsitsidwa imodzi imodzi kukatsukidwa ndi kusokedwa ndi manja. Nchitoyo inayamba mu 1999, ndipo nsalu yotsiriza inabwerera pa khoma mu 2023, patapita zaka 24. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lija lakuti Boma likulowererapo cifukwa ninji. Zenera limodzi la ku Hardwick litakuzidwa kuti lilingane ndi linzace la m'mwamba, kapena makwerero atawongoledwa kuti njira ifupike, nyumbayo ikadaimabe, mwinanso ikadafunda kuposa kale, koma sikadanenanso zimene inamangidwira. Mwini wa nyumba yotere amakhalamo zaka zowerengeka, pamene nyumbayo yaona mibadwo yambiri ndipo idzaonanso ina. Lamulo la ku England limamuyesa iye msungi wa cuma ca mtundu wonse. Ndi cifukwa ca kusunga kotere kuti mwana wa sukulu lero akhoza kulowa pa khomo la Hardwick, kukwera makwerero amene anchito a Bess anakwera atasenza mbale, ndi kuona ndi maso ace m'mene dziko la England linali kukhalira zaka zoposa 400 zapitazo.